Mukafika ku Manchester, tramu muzikwera chonchi

Chiyambireni 2022, pamene Britain inatsegula khomo kwa ogwira ntchito yosamalira okalamba, m'malokeshoni mwathu muno mu Harare mwachoka ana ambiri. Ku Mufakose, ku Mabvuku, ku Tafara, ku Dzivaresekwa, n'kovuta kupeza mpingo kapena bungwe la maliro la a kwathu lomwe silinatsanzikanepo ndi wina wopita ku UK. Anamwino ndiye anali atayamba kale. Tsopano yakwana nthawi ya makolo: mwana wachira, akuti amayi akathandize pachikuta, kapena wamaliza sukulu, akuti abambo akaonerere mwambo. Ena mwa ana amenewa ali ku Manchester ndi matauni ozungulira monga Oldham, Bury, Rochdale ndi Ashton, ndipo mwana wa mashifiti sangakuperekezeni paliponse. Posachedwa mudzapezeka muli nokha pasiteji, sitima yachikasu ikubwera.

Sitimayo ndi tramu, ndipo dongosolo lake lonse amalitcha Metrolink. Linayamba mu 1992 ndi njanji ya ku Bury ndi ya ku Altrincham, zomwe kale munkadutsa sitima wamba. Lero lili ndi masiteji 99, njanji yotalika makilomita oposa 100, ndi nthambi 8 zomwe zimathera ku Bury, Rochdale, Ashton-under-Lyne, East Didsbury, Manchester Airport, Altrincham, Eccles ndi Trafford Centre. Amene munakwerako sitima ya kampani ya njanji ya NRZ ija imene kampani ya mabasi ya ZUPCO inabweretsanso mu 2021 yopita ku Mufakose, ku Ruwa ndi ku Tynwald, musayembekezere zofanana. Ija inkayenda m'mawa ndi madzulo basi. Tramu ndi yaifupi, imakoka magetsi ku waya wa pamwamba, ndipo pa nthambi iliyonse imabwera pafupifupi mphindi 12 mpaka 15 zilizonse, m'malo ambiri mofulumira kuposa pamenepo. Kunja kwa tauni imathamanga panjanji yakeyake, koma ikalowa m'tauni imayenda mumsewu momwemo limodzi ndi mabasi ndi anthu oyenda pansi.

Mu tramu mulibe kondakitala. Mulibe hwindi wokuwa kuti ikupita kuti, mulibe woti mumupatse ndalama, ndipo woyendetsa anadzitsekera m'kachipinda kake kutsogolo. Zonse zomwe hwindi amatichitira pa Copacabana kapena pa Market Square, kumeneko mumachita nokha, ndipo zambiri mumachita musanakwere.

Musananyamuke ku Harare

Muuzeni mwanayo akutumizireni pa WhatsApp dzina la siteji ya tramu yapafupi ndi nyumba yake, osati dzina la dera lokha. "Timakhala ku Oldham" sikokwanira, chifukwa m'tauni ya Oldham mokha muli Oldham King Street, Oldham Central ndi Oldham Mumps, kuphatikizapo Westwood mukamalowa ndi Derker mukamatuluka. Akuuzeninso kumene nthambiyo imathera. Mayina awiriwa, la siteji yanu ndi la kumathero, muwalembe papepala ndi zilembo zazikulu, pamodzi ndi adiresi ndi nambala ya mwanayo, muike m'thumba la jekete. Foni imathima moto, ndipo laini ya kuno ikafika kunja mwina siigwira. Pepala silithima.

Kenako pitani kubanki kwanu mukafunse za khadi. Khadi la ZimSwitch lokha, lomwe mumaswaipa nalo kugolosale, kunja siligwira ntchito. Lofunika ndi la Visa kapena Mastercard, lokhala ndi kachizindikiro ka timizere tokhota tinayi, kosonyeza kuti limalipira pongoligunditsa pamakina. Afunseni ngati n'lotsegulidwa kuti lizigwira kunja, ndiponso kuti amadula zingati mukalipira mu mapaundi. Likakhala lokayikitsa, musavutike nalo. Matikiti a pepala alipo, ndipo kwa mlendo wa milungu yochepa ine ndimaona kuti ndiwo osavuta, chifukwa chimene mwalipira mumachiona m'manja.

Pabwalo la ndege

Kaya mwadzera ku Addis Ababa, ku Dubai kapena ku Doha, mukatuluka kotengera katundu tsatirani zikwangwani zolembedwa "The Station". Pamenepo ndi pomwe pali sitima, tramu ndi mabasi, ndipo mumafikako kudzera m'makonde aatali otseka. N'kapatali ndithu ngati mwanyamula masutikesi awiri, choncho musasiye ngolo ya katundu msanga.

Apa sankhani bwino. Tramu ya ku bwalo la ndege, yomwe inayamba mu November 2014, imazungulira m'malokeshoni a Wythenshawe, kuima pa Shadowmoss, Peel Hall, Robinswood Road ndi ena otero, ndipo kuti ifike pakati pa tauni imatenga pafupifupi ola lathunthu. Sitima yaikulu yochokera pomwepo imafika pa Manchester Piccadilly m'mphindi 20 kapena kucheperapo, koma tikiti yake ndi ina, yodulirapo, ndipo ya tramu siigwira ntchito mmenemo. Ngati mwanayo amakhala ku Wythenshawe, ku Baguley, ku Northern Moor kapena ku Chorlton, tramu ndiyo yanu. Ngati ali kutali kumpoto ndipo mwatopa ndi ulendo wa usiku wonse, kwerani sitima, mukatenge tramu pa Piccadilly. Koma tsiku loyamba mwana wanzeru amapempha ofu n'kubwera kudzachingamira makolo, ndipo palibe cholakwika kumuuza zimenezo musanakwere ndege.

Kulipira, pomwe ambiri amagwera

Pamasiteji a tramu palibe geti. Mumangoyenda kuchokera mumsewu, kukwera kachitunda kapena masitepe ochepa, muli papulatifomu. Tramu ifika, chitseko chitseguke, mulowe, palibe wokufunsani kanthu. Wina n'kuganiza kuti alipira m'kati, kapena potsika. M'kati mulibe makina olipirira ngakhale amodzi. Mukangoponda m'tramu opanda tikiti mwalakwa kale, ngakhale ndalama zili m'manja.

Mtengo umatengera mazoni. Pamapu mudzaona madera anayi ozungulirana: zoni 1 ndi pakati pa tauni, zoni 4 ndi kunja kwenikweni, komwe kuli Manchester Airport, Altrincham, Bury ndi Rochdale. Mumalipira mazoni onse omwe mudutsemo. Kuchoka kubwalo la ndege kupita pakati pa tauni ndi mazoni anayi onse. Kuchoka kubwalo la ndege kudutsa m'tauni mpaka ku Bury ndi mazoni anayi omwewo, mtengo wake womwewo, ngakhale ulendo wake ndi wotalika kwambiri. Masiteji ena, monga Cornbrook, ali pamalire a mazoni awiri, ndipo mumawerengera zoni imene ikukutsikirani mtengo.

Ngati mukugula tikiti ya pepala, makina ake ali papulatifomu pomwepo. Dinani pagalasi, sankhani siteji kapena mazoni, sankhani mtundu wa tikiti, lipirani, tengani tikitiyo pakabowo ka m'munsi. Ya ulendo umodzi imafuna kuti mumalize ulendowo pasanathe maola awiri chiigulireni, choncho musaigule m'mawa kuti mudzakwerere masana. Ngati mupita n'kubwerako, kapena mukufuna kutsika apa ndi apo, gulani ya tsiku lonse ya mazoni anuwo. Pakati pa sabata imatsika mtengo ikakwana 9:30 m'mawa, ndipo Loweruka ndi Lamulungu imakhala yotsika tsiku lonse. Agogo opita kukaona msika alibe chothamangira: imwani tiyi, mutuluke apantchito atapita, mupezanso malo okhala. Tikiti ya pepala simuigunditsa paliponse. Ingoisungani pabwino mpaka mutatuluka pasiteji yomaliza.

Ngati mukulipira ndi khadi la banki kapena foni, funani kachitsulo koimirira kokhala ndi mutu wachikasu ndi kagalasi kakang'ono. Timakhala polowera papulatifomu ndi m'mbali mwake. Tulutsani khadi limodzi lokha m'kachikwama, ligunditseni pamalo a chizindikiro chija, dikirani kalire ndipo pagalasi paoneke chizindikiro chobiriwira chovomereza. Musagunditse kachikwama konse, chifukwa makina atha kuwerenga khadi lina. Amene munazolowera tap card ya ZUPCO, kusiyana kwake n'koti apa mumagunditsa panja, ndiponso kawiri: pokwera, kenako mukatsika kumathero a ulendo. Kugunditsa kwachiwiriko ndiko kumauza makina kuti mwayenda mazoni angati. Mukaiwala, amakuonani ngati simunamalize ulendo ndipo atha kukudulani ndalama zambiri kuposa zomwe mukanalipira. Anthu amaiwala kwambiri potsika, mvula ikugwa, mdzukulu akulira m'ngolo yake. Dzizolowezeni kuti mwendo ukangoponda papulatifomu, maso afune kachitsulo kachikasu.

Khadi lomwe mwagunditsa pokwera ndi lomwelo potsika. Mukayamba ndi khadi n'kumaliza ndi foni, makina amaona ngati ndi anthu awiri, ngakhale akaunti ili imodzi. Mukagwiritsa khadi limodzi tsiku lonse, pali malire a ndalama zomwe angakuduleni patsikulo, ndipo kuyambira mu March 2025 malirewo amawerengera pamodzi tramu ndi mabasi achikasu a Bee Network, dongosolo la mabasi ndi matramu a ku Manchester. Khadi limodzi ndi la munthu mmodzi. Abambo sangagunditse kawiri kuti alipirire amayi, ayi, amayi akhale ndi lawo kapena agule ya pepala. Mwana wosakwana zaka 5 salipira akakhala ndi wamkulu amene walipira. Wokulirapo mumugulire tikiti ya ana pamakina, chifukwa khadi la banki limadula mtengo wa akuluakulu. Mudzaona okalamba a kumeneko akugunditsa makhadi awo aulere. Amenewo ndi a nzika zokhala konko, mlendo ngakhale wa imvi mbuu amalipira mtengo wonse.

Kudziwa kuti tramu iyi ndi yanu

Matramu onse ndi ofanana, achikasu ndi otuwa, ndipo mitundu ya mizere ya pamapu simudzaipeza pathupi pa tramu. Chokuuzani ndi dzina la kumathero, lolembedwa ndi magetsi pachipumi pake ndi m'mbali. Papulatifomu palinso chikwangwani cha magetsi chosonyeza matramu otsatira ndi mphindi zomwe zatsala. Apa m'pamene pepala lija ligwire ntchito. Siteji yanu ikakhala Crumpsall kapena Prestwich, simudzaiona pachipumi, mudzaona Bury. Ikakhala Failsworth kapena Hollinwood, mudzaona Rochdale Town Centre kapena Shaw and Crompton. Ndipo chenjerani: ya Shaw and Crompton imathera pomwepo, siifika ku Milnrow kapena ku Rochdale. Kwa wa ku Oldham zonse ziwiri n'zabwino, kwa wa ku Rochdale n'imodzi yokha.

Pachikwangwani chija nthawi zina pamalembedwa "dbl". Ndiye kuti akubwera matramu awiri olumikizidwa. Yendani chakumapeto kwa pulatifomu, kumakhala malo. Koma kuchoka mu ina kupita mu inzake m'kati sikutheka, choncho ngati muli ndi mdzukulu mugwire dzanja mulowe khomo limodzi.

Mukakayika mbali yoima, yang'anani mapu a pasitejipo, kapena funsani. Safunsa anadya phula, ndipo anthu a ku Manchester amayankha bwino, kungoti Chingerezi chawo n'chothamanga ndipo mayina amawatchula mwa kwawo. Aonetseni pepalalo m'malo molimbana ndi katchulidwe. Papulatifomu palinso bokosi la batani loitanira ogwira ntchito, mumalankhula nawo pomwepo.

Kukwera ndi kutsika

Tramu ikaima, chitseko sichitseguka chokha. Pachitseko pali batani lozungulira, likayaka lidineni. Akutsika ayambe atuluka. Pansi pa tramu m'pofanana ndi pulatifomu, kotero sutikesi ya matayala kapena ngolo ya mwana imangolowa. Gwirani chitsulo msanga chifukwa imanyamuka mwamphamvu. Simufunika kukuwa kuti mutsika, tramu imaima pasiteji iliyonse, ndipo mawu a m'kati pamodzi ndi zolembedwa pamwamba zimatchula siteji yotsatira. Mukamva yanu, imirirani, dinani batani ikaima. Pakati pa masiteji siima, ngakhale nyumba ya mwana wanu mukuiona pawindo. Mukapitirira, tsikani pa yotsatira, wolokani pamalo owolokera, mubwerere, koma muonetsetse kuti tikiti yanu ikukwana zoni imene mwafikayo.

M'tauni, makamaka pa Market Street ndi Piccadilly Gardens, njanji zili pomwe anthu amayenda. Tramu siichita phokoso ngati lole, ndipo singakhote kuti ikuzembeni. Imayenda kumanzere ngati magalimoto a kuno, koma yang'anani mbali zonse, chifukwa kuseri kwa imene yangodutsa kutha kutulukira ina. Kuwoloka kwathu kwa mumsewu wa Julius Nyerere, kongokweza dzanja n'kulowa, musapite nako.

Kusintha tramu

Nthambi zonse zimalowera pakati pa tauni, choncho maulendo ambiri amafuna kusintha kamodzi. Posintha simugula tikiti ina, ndipo wa khadi sagunditsa pakati pa ulendo. Mumangotsika, kudikira ina, kudzagunditsa kumathero.

Tinene kuti mwachokera kubwalo la ndege. Wopita ku Altrincham kapena ku Sale atsike pa Trafford Bar, akwere yobwerera kunja. Wopita ku Eccles, ku MediaCityUK kapena ku Trafford Centre asinthe pa Cornbrook. Siteji imeneyi ili pamwamba, pamphepo, ndipo pafupi palibe sitolo yoti n'kubisalamo, moti nthawi yozizira mphindi zochepa zimatalika. Wopita ku Ashton kapena ku Piccadilly asinthe pa St Peter's Square, pafupi ndi laibulale yaikulu yozungulira ija. Pamenepo pali mapulatifomu anayi, ndiye werengani chikwangwani musanaime. Wopita ku Bury asinthe pa Victoria. Wopita ku Oldham kapena ku Rochdale athanso kusintha pa Victoria, koma ine ndikanasinthira pa St Werburgh's Road, pomwe njanji ya kubwalo la ndege imakumana ndi ya ku East Didsbury. Tramu yochokera ku East Didsbury ndi yomweyo imadutsa m'tauni, pa Exchange Square, mpaka ku Oldham, ndipo pamenepo isanalowe m'tauni mwayi wopeza mpando ulipo.

Masiteji osokoneza, ndi ena oti muwadziwe

Piccadilly ndi Piccadilly Gardens ndi masiteji awiri osiyana. Piccadilly ili pansi pa siteshoni yaikulu ya sitima, mumatsikira pa masitepe oyenda okha kapena pa chikepe. Piccadilly Gardens ili pabwalo la m'tauni pomwe pamaima mabasi ambiri. Mukapangana ndi munthu, tchulani dzina lonse, apo ayi mudzadikirana malo awiri.

Okonda mpira, amene Loweruka amadzaza m'mabala a ku Mbare ndi ku Highfield atavala zofiira, amve izi. Siteji ya Old Trafford ili pakhomo pa bwalo la kiriketi, ndipo kuti mufike pabwalo la Manchester United mumayenda pansi mphindi 10 kapena kuposerapo. Yapafupi ndi Wharfside, pa nthambi ya ku Trafford Centre yomwe inatsegulidwa mu March 2020. A Manchester City siteji yawo ndi Etihad Campus, pa nthambi ya ku Ashton. Tsiku la masewero, ngati simukupita kumpirako, pewani nthambi zimenezi maola oyandikira kuyamba ndi kutha kwa mpira, chifukwa ndi ngolo ya mwana simungalowe.

Za kuchipatala: Crumpsall ndiyo ya North Manchester General Hospital, Roundthorn ya Wythenshawe Hospital, ngakhale konse kuwiri pali kaulendo ka pansi. Ku Manchester Royal Infirmary ndi ku mayunivesite a mu Oxford Road tramu siifikako, mumatsika pa St Peter's Square n'kukwera basi. Zogula za kumudzi, majekete ndi nsapato za zidzukulu zotsala kuno, tsikani pa Market Street, masitolo a Arndale ali pomwepo. Koma amene anazolowera Mbare Musika mtima wake ukakhala pansi ku Bury Market, kumathero a nthambi ya Bury, pafupi kwambiri ndi potsikira. Msika wonse umatsegulidwa Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka.

Oyendera matikiti

Mutha kukwera masiku angapo osaona aliyense, n'kuyamba kuganiza kuti ndalama mukungotaya. Kenako tsiku lina pasiteji mudzapeza gulu la ovala yunifolomu, ena alowe khomo ili, ena khomo ilo, ena atsale papulatifomu kudikira otsika. Wa pepala amaonetsa pepala. Wa khadi amapereka khadi lomwe anagunditsa lija, iwo n'kuliwerenga ndi kamakina ka m'manja. Wopezeka alibe tikiti yoyenera chindapusa chake ndi mapaundi 120, ndipo chimatsika kufika 60 akalipira pasanathe masiku 14. Akanyalanyaza, nkhani imatha kukafika kukhoti. Zoti "ndine mlendo, sindimadziwa" azimva kambirimbiri. Ndipo musayese n'komwe kupinda kandalama m'manja kuti mugwirane chanza, pamenepo mlandu wa tikiti usanduka wina waukulu. Munthu amene ali pa viza ya mlendo, ndipo akufuna kudzapemphanso chaka chamawa, asalembetse dzina lake m'mabuku oterowo chifukwa cha mapaundi ochepa.

Makina a tikiti akakhala kuti afa, yesani ena a pasiteji yomweyo. Onse akakana, dinani batani la pabokosi lija muwauze musanakwere.

Usiku ndi nyengo yozizira

Matramu sayenda usiku wonse. Amayamba m'mamawa, omaliza amanyamuka chapakati pa usiku, ndipo Lamulungu amayamba mochedwerapo. Opita kutchalitchi cha kutali kapena kushifiti ya m'bandakucha aone nthawi dzulo lake pa apu ya Bee Network kapena pachikwangwani cha pasiteji. Nthawi zina amatseka chigawo cha njanji kuti akonze, n'kuika mabasi m'malo mwake, ndipo zimenezi amalengeza pa apu yomweyo ndi pamasiteji. M'tramu mulibe chimbudzi, ndipo ulendo wa kubwalo la ndege mpaka ku Rochdale ndi wautali, ndiye a shuga ndi a mankhwala a BP akonzekeretu.

Mu December kumada isanakwane 5 koloko madzulo, ndipo masiteji ambiri ndi apanja, okhala ndi kadenga chabe. Juzi ya mu June ya kuno siikwanira, jekete yeniyeni yosalowa madzi akakugulireni konko. Mukamabwerera mochedwa muli nokha, khalani chakutsogolo pafupi ndi woyendetsa, ndipo pakachitika zoopsa, pafupi ndi zitseko pali polankhulira naye. Nambala ya apolisi ndi ambulansi ndi 999.